Funsani Azakhali: Mwana wanga akufuna phwando la madinosaur

Azakhali, ndikulemba kuchokera ku Ulongwe. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 7, chionereni madinosaur, zinyama zakalekale zija, pa foni ya amalume ake, salankhulanso zina. Ndinamulonjeza kaphwando pa tchuthi cha Khrisimasi ndipo wauza kale anzake 12. M'thumba ndili ndi mametikali 1,500 basi, zokongoletsa zogula sindingazithe. Ndithandizeni ndisachite manyazi.
Mayi wa ku Ulongwe

Achemwali, ndalama yanuyo musachotsepo ngakhale khobidi kugulira zokongoletsa. Yonse ipite ku chakudya. Zokongoletsazo apange anawo ndi manja awo, chifukwa kwa mwana wa zaka 7 phwando limayamba tsiku limene mwamupatsa katoni ndi makala n'kumuuza kuti jambula.

Pitani kwa amagolosale pamsika mukapemphe makatoni a sopo ndi a mafuta ophikira. Ena amangopereka. Mufunikanso nsungwi imodzi, matumba a simenti opanda kanthu ndi luzi. Ndi zimenezi anawo amange dinosaur: katoni yaikulu ikhale mimba, nsungwi yokulungidwa ndi mapepala a simenti ikhale khosi, kakatoni ka sopo mutu, miyendo zitini zinayi. Utoto uli pakhomo pomwepo: katondo wosungunula m'madzi, makala osinja, laimu pang'ono wa mano ndi maso.

Ndasankha ya khosi lalitali mwadala. Imeneyo ndi yathu ya kuno. Mafupa ake anakumbidwa ku Karonga, kumpoto kwa Malawi, ndipo mu 1993 akatswiri anaitcha Malawisaurus. Chithunzithunzi cha mafupa ake onse chaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga komweko. Inkadya masamba, choncho anawo akaimanga aziidyetsa nthambi za mango. Mwana wanu akadziwa kuti chinyama chimenechi chinkayenda dera lathu lino, osati ku America kokha monga amaonera pa foni, adzakusowetsani mtendere ndi mafunso.

Pa zomatira ndiye mundimvetsere, chifukwa ine zinandionekera. Chaka china ndili ku Moatize ndinapangira mdzukulu wanga chinyama chotere, ndinamata ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kuchisiya pakona chisanaume. Kutacha ndinapeza makoswe adya mutu wonse, nyerere zili nyakanyaka pakhosi. Mwana analira mpaka kukana nsima. Phalalo limagwira bwino ndithu, koma likhale lamadzimadzi, mupake mopyapyala, ndipo mukamata muyanike padzuwa, usiku muzipachika kudenga. Disembala m'boma lanu la Angónia ndi wa mvula, zinthu siziuma msanga, ndiye yambani kudakali sabata.

Mapazi ndi osavuta. Muuzeni mwana wanuyo agwire nkhuku aione kuphazi: zala zitatu kutsogolo. Ajambule phazi lomwelo pa katoni, lalikulu ngati lichero, adule khumi kapena kuposa, muwandandalike kuchokera pachipata mpaka pakhonde. Sikumunamiza mwana kumeneko ayi. Akatswiri amati mbalame zonse, ndi nkhuku yomwe, zinachokera ku madinosaur oyenda ndi miyendo iwiri, ndipo mapazi awo amafananadi. Mdzukulu wanga atamva zimenezi anatha masiku angapo akulambalala tambala.

Masewera amene amawagwira mtima ndi okumba mafupa. Umbani mafupa a dongo, nthiti, mano, chigaza chimodzi, muwaumitse pamthunzi kuti asang'aluke. Tsikulo muwakwirire mu mchenga, m'beseni lalikulu kapena pa mulu wotsala pomanga. Aliyense mumupatse supuni ndi mswachi wakale, lamulo n'lakuti fupa salizula ndi dzanja, amalisesa pang'onopang'ono mpaka lioneke lonse. Mudzadabwa, ana aphokoso aja ali zii, malilime ali panja. Muwawerengeretu mafupawo kuti aliyense apeze lake, apo ayi mudzaweruza milandu mpaka dzuwa kulowa.

Wina adzafunsa ngati agogo ake anaziona nyamazi. Muyankheni kuti zinatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo, munthu asanakhaleko. Akafuna kudziwa ngati chigawo cha Tete chili ndi zakale zotere, muwauze za malasha a ku Moatize, omwe anachokera ku zomera zimene zinamera madinosaur asanayambe n'komwe, ndi za mitengo yosanduka miyala ya ku Mágoè.

Tsopano chakudya. Mwati ana 12, inu phikirani 20, chifukwa aliyense adzabwera atabereka mng'ono wake ndipo a pafupi sadikira kuitanidwa. Kachewere kwanu kuno savuta, mukazinge tchipisi. Mbuliwuli m'lichero, mango odula, thobwa kapena madzi a malambe m'malo mwa zakumwa za m'mabotolo. Keke ya kusitolo isiyeni. Phikani chigumu, muchidule pakati, zidutswa ziwirizo muziimike mophatikiza ngati msana, pamwamba mubaye timagawo ta mango tosongoka.

Pamene ndingakuloleni kuwononga ndalama ndi pa mazira. Wiritsani, kenaka mugogode chikhokho chonse ndi supuni kuti chingochita ming'alu osasenda, muwabwezere m'madzi otentha a tiyi wakuda bii akhalemo maola angapo. Posenda, dzira limatuluka ndi mizere yofiirira ngati ukonde wa kangaude. Muwaike m'chisa cha udzu wouma, aliyense asende lake. Zikakuchepelani, dulani pakati awiri agawane.

Mabaluni mukapatsidwa ndi wina landirani, koma akaphulika tolani zidutswa nthawi yomweyo, makanda amaika m'kamwa ndipo zimatsamwitsa. Mpeni ndi sizasi zikhale ndi inu kapena amalume ake aja, poti ndiwo anayambitsa nkhaniyi ndi foni yawo, abwere adzadule makatoni.

Anawo muwaitane 9 koloko m'mawa, mvula nyengo ino imakonda masana. Chinyamacho muchiimike pakhonde, ndipo kapulana imodzi ikhale pafupi yochifunditsa ikayamba ya mphepo.
Azakhali