Kodi filimu ya Massacre at Central High imaphunzitsa ana kubwezera?

Bambo wina wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wamwamuna, yemwe ali Fomu 3 pasukulu yogonera konko, adazunzidwa kwambiri ndi akuluakulu anzake ali Fomu 1. Tsopano wapeza filimu ya Massacre at Central High pa intaneti ndipo sakuleka kuitamanda. Bambowo akufunsa ngati filimuyi si yolimbikitsa kubwezera, komanso ngati n'koyenera kumuletsa.

Bambo, pepani kuti ndiulula mmene nkhaniyi imathera, chifukwa yankho la funso lanu lili kumapetoko.

Filimuyi idatuluka ku America mu 1976. Adailemba ndi kuitsogolera ndi Rene Daalder wa ku Netherlands, ndipo mukaionera simuchita kufunsa kuti ndalama zinali zochepa. Ena mwa ochita seweroli ndi osakhwima, nyimbo yoyambirira ndi yofewa mosagwirizana ndi nkhani. Dzina lakenso limanamiza, munthu n'kumayesa kuti ndi zija zokhapana popanda mutu. Koma anthu akuikondabe mpaka lero, ndipo ambiri amaitchula akamakamba za filimu ina yonena za ana asukulu, Heathers, yomwe idabwera patatha zaka zoposa khumi.

David, yemwe adamusewera ndi Derrel Maury, wangofika kumene pasukulupo. Apeza mnzake wakale Mark akuyenda ndi anyamata atatu, Bruce, Craig ndi Paul, omwe agwira sukulu yonse pakhosi. Amamwaza mabuku a Arthur mulaibulale, amaphwanya kagalimoto kakale ka Rodney, amanyoza Oscar chifukwa cha kunenepa. David akukana kulowa gulu lawo. Tsiku lina awapeza akufuna kugwirira atsikana awiri, n'kuwathidzimula. Iwo amupeza ali kunsi kwa galimoto akukonza, jeke ichoka, galimoto imuphwanya mwendo. Mnyamata amene ankakonda kuthamanga uja atsala wotsimphina, ndipo sauza aliyense zoona zake.

Kenako atatu aja ayamba kufa mmodzimmodzi ngati ngozi. Bruce agwera pamawaya a magetsi akuuluka pa hang glider (chiphiko chachikulu chopanda injini chomwe munthu amalendewerapo), Craig adumphira m'dziwe losambiramo lomwe mulibe madzi, Paul agubudukira kuphompho ali m'galimoto. Filimu zambiri zobwezera zimathera pomwepa, woonera akuomba m'manja. Iyi apa ndiye yangofika pakati.

Masiku oyamba sukulu ipuma. Ana akuthandizana, akuseka, palibe woopa mnzake. Sipatenga nthawi, ozunzidwa aja ayamba kuona kuti mpando uli pululu. Oscar yemwe ankalira uja ayamba kukankha anzake. Mmodzimmodzi akubwera kwa David mwamseri, aliyense akumupempha kuti agwirizane naye alamulire sukulu. Palibe ngakhale mmodzi amene akunena kuti nkhanza zithe, onse akungofuna kuti chikwapu chikhale m'manja mwawo. Gawo limeneli ndi limene limandigwira mtima, chifukwa Daalder sadapange ana amenewa kukhala zilombo. Adangoonetsa kuti ulamuliro wokhawo umene akuudziwa ndi womwe adauona, ndiye akuutengera. David, pokhumudwa, ayamba kupha iwonso, ena ndi mabomba. Munthu amene timamuchemerera uja tsopano ndiye woopsa kuposa onse.

Palinso china chimene ambiri sachizindikira msanga. Mufilimu yonseyi simuona mphunzitsi, kholo kapena wapolisi mpaka kumapeto kwenikweni. Ana akuphedwa, akuluakulu kulibe. Kwa ine apa ndi pamene filimuyi ikuloza chala, ndipo ikuloza ife.

Pomaliza David atchera bomba pansi pa holo yomwe anthu akuvina. Mark ndi Theresa, mtsikana yemwe David amamukonda, alowa dala m'holomo akudziwa za bombalo. David alitenga kuthawa nalo panja, limuphulikira, afa yekha. Chichitikireni zija za pasukulu ya Columbine ku America mu 1999, pomwe ophunzira awiri adapha anzawo ndi mfuti, mapeto amenewa amalemera kwambiri kuwaona.

Ndiye ayi, bambo, filimuyi siyamikira kubwezera. Koma mwana wopwetekedwa mtima akhoza kugwira theka loyamba lokha n'kutaya lachiwiri, ndipo nkhawa yanu ndikuimvetsa. Kumuletsa sikuthandiza poti waionera kale. Khalani naye pansi muionere limodzi, kenako mumufunse gawo limene limamusangalatsa. Akatchula imfa ya Bruce, musakalipe. Mufunseni amene akumuganizira akamaona Bruce, ndipo mumvetsere mpaka amalize, mwina aka kakhala koyamba kuti afotokoze zonse zimene zidamuchitikira kuhositelo.

Funso lachiwiri ndi lovutirapo, koma musalizembe. Mwana wanu ali Fomu 3 tsopano, ndipo pasukulupo pali a Fomu 1 atsopano. Tonse tikudziwa mmene mwambo woipawu umayendera m'sukulu zogonera: wolira chaka chino ndiye wolizitsa mnzake chaka chamawa. Mufunseni mofatsa mmene iye ndi anzake amakhalira ndi ana amenewo usiku magetsi akazima. Ngati nkhanzazo zikadalipo, pitani mukaonane ndi mphunzitsi wamkulu komanso woyang'anira hositelo, musadikire kuti teremu ithe.

Chenjezo lokha: muli zamaliseche komanso malo oyesa kugwirira aja, choncho ang'ono ake asakhalepo. Pewaninso kope lomwe lidatuluka ku Italy ndi dzina loti Sexy Jeans, chifukwa adaikamo zolaula zomwe Daalder sadajambule. Loyenera kufuna ndi lomwe adalikonzanso a kampani ya Synapse Films.