Chiwongolero chakana kumasuka, galimoto osalira: kodi ndigule loko wina?

Bambo wina wa ku Mzuzu wanditumizira imelo sabata ino, ndipo funso lake mwachidule ndi ili: "Ndili ndi galimoto ya push start yomwe ndinaitanitsa ku Japan. Masiku ena m'mawa ndikadina batani, chiwongolero chimangokhala chokhoma, pa dashibodi pamayaka kanyali ka kiyi, injini osalira. Ndikayesa kangapo imadzalira. Makaniki wanga akuti tigule loko wina wa chiwongolero. Ndigule?"

Bambo, ndalamayo isungeni kaye m'thumba. Mwina makaniki wanu akunena zoona, koma sanayeze chilichonse, ndipo loko ameneyu si wongomasula n'kumangapo wina ngati tayala.

Pa galimoto zakale, loko wa chiwongolero ankamasuka ndi mphamvu ya dzanja lanu potembenuza kiyi. Pa za push start ntchitoyo imagwiridwa ndi kamota kakang'ono kamene kamakoka kachitsulo kokhomera. Mukadina batani, kompyuta ya galimoto imayamba yazindikira kiyi wanu, kenako imauza loko kuti amasuke, ndipo loko akayankha kuti wamasukadi m'pamene sitata imaloledwa kuzungulira. Yankho limenelo likapanda kufika, injini siyesa n'komwe. Choncho vuto lililonse la panjira imeneyi limaoneka ngati la loko.

Yambani ndi makutu. Tsekani zitseko, zimitsani wailesi, dinani batani n'kumvetsera pansi pa chiwongolero. Loko wabwino amalira mwachangu, kamodzi, "zii-kwa". Akamalira mokoka ngati watopa, ndiye kuti magetsi akumufika ochepa kapena kamota kakutha. Kukangoti zii, mwina lamulo silikumufika. Yesaninso mukugwedeza chiwongolero uku ndi uku, chifukwa mukaimika galimoto tayala litatsamira mwala kapena m'mphepete mwa ngalande, kachitsulo kaja kamapanikizika ndipo kamota sikangathe kukakoka. Pondani buleki, wina aone ngati magetsi a kumbuyo akuyaka, poti switch ya pabuleki ikafa galimoto sidziwa kuti mwaponda. Kabatire ka m'kiyi nakonso ndi kotchipa, nthawi zambiri kamakhala CR2032, kasintheni.

Mawu amene andikoka m'kalata yanu ndi akuti "m'mawa". Batire lofooka limaonekera kukazizira, ndipo inu a ku Mzuzu kuzizira kwa mu June simuchita kuuzidwa. Galimoto zambiri zoitanitsa zimafika ndi batire lomwe zinali nalo ku Japan, litakhalitsa pa sitima ndi padoko la Dar es Salaam. Pezani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muyeze m'mawa musanalize. Batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likakhala pa 12.2V latsala theka, ndipo pa 12.0V lafooka kwambiri. Injini ikulira muziona pakati pa 13.8V ndi 14.4V, apo ayi alternator, yomwe imatchaja batire, ndiyo ikulinyenga batirelo. Anthu amati "koma hutala ikulira, magetsi akuyaka", ndipo ine mawu amenewa sindiwawerengera, chifukwa babu amayaka ndi magetsi amene kompyuta ingawakane. Onaninso matemino a batire ngati alibe zoyera zija, ndiponso waya wa earth pamene wamangidwa ku bodi.

Batire likapezeka labwino, apa m'pofunika munthu wamagetsi a galimoto, osati makaniki wa injini. Aone mafyuzi ndi ma relay okhudza loko, kenako ayeze pa pulagi ya lokoyo pamene inu mukudina batani. Kuyeza galimoto ili chete kumanyenga: waya wotsala ndi tiulusi tiwiri amaonetsa 12V bwinobwino, koma kamota kakangofuna mphamvu magetsiwo amagwa. Akamatsegula pulasitiki ya pansi pa chiwongolero, inunso suzumirani. Ngati munaikitsa alamu kapena tracker, m'pomwe ambiri amasendera mawaya n'kupotokola, n'kukulunga ndi tepi yomwe imasungunuka ndi kutentha kwa mu October. Mapulagi achikasu ndi a airbag, asawakhudze batire lisanachotsedwe n'kudikira mphindi zingapo, ndipo asamalase mawaya opita ku kompyuta ndi tesita ya babu.

Za "kuika pa kompyuta" samalani. Timakina totchipa tolumikiza ku foni nthawi zambiri timangowerenga za injini, ndiye akuuzani kuti palibe vuto. Zolakwika za loko zimasungidwa mbali ya bodi, nthawi zambiri pa makodi oyamba ndi B. Mwachitsanzo pa Nissan, B2013 ndi B2014 amanena za kusamvana pakati pa loko ndi BCM, kompyuta yoyang'anira zamagetsi za bodi. Funsani kuti akuonetseni kodiyo ndi maso, muijambule asanaifufute.

Tinene kuti magetsi akufika okwanira, earth ili bwino, lamulo likufika, koma loko akukokabe. Pamenepo makaniki wanu wapambana. Nthawi zambiri chimene chimatha ndi mabulashi a kamota kaja, ndipo n'chifukwa chake ena akagogoda pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludilaiva loko amamasuka. Vutoli n'lodziwika pa Mercedes C-Class W204, komanso pa Nissan Altima ndi Maxima za 2009 ndi 2010. Koma loko wa ku salvage sangogwira ntchito pomumanga, amafunika kumulembetsa ku kompyuta ya galimoto yanu, ndipo pa mitundu ina wakale salola kulembetsedwanso. Funsani zimenezi musanalipire. Ena amachotseratu loko n'kuikapo emulator, kabokosi konamiza kompyuta kuti loko wamasuka. Kamagwira ntchito, kungoti chiwongolero sichikhomanso, ndiye mwachepetsera akuba ntchito imodzi.

Mwayi wanu ndi woti galimoto ikumalirabe. Loko womasuka amachotsedwa mosavutikira kwenikweni, koma akafera pokhoma, pa galimoto zina pamafunika kugwetsa column yonse ya chiwongolero n'kuboola mabawuti, kuphatikizapo kulipira breakdown poti galimoto yokhoma chiwongolero simungaikoke ndi chingwe. Mawa m'mawa yezani batire. Likakhala labwino, galimoto ikangolira pitani molunjika kwa wamagetsi, ndipo musakazimitse panjira.