Kwa achimwene ofuna kukafika ku nyanja yamchere pa njinga yamoto

Achimwene, mwafunsa m'gulu muno ngati alipo munthu wa kuno ku Mangochi amene anayendapo pa njinga yamoto mpaka kukafika ku nyanja yamchere m'dziko la Mozambique, ndiponso ngati ulendo wotere ndi woyenera kuuvutikira pamene magalimoto alipo. Ine ndinauyenda m'chaka cha 2007 pamodzi ndi alamu anga, aliyense pa Yamaha AG 200 yake, kuchokera pa boma pano mpaka pa chilumba cha Ilha de Moçambique, ndipo pobwerera tinadzera ku Milange ndi Muloza. Zimene ndikulembazi ndikuzitenga m'zithunzi zimene ndinajambula ndi kamera ya filimu n'kukatsukitsa ku Blantyre, choncho muziwerenge mukudziwa kuti misewu yambiri imene inali ya fumbi nthawi imeneyo anadzaithira phula pambuyo pake. Yankho langa ndi lakuti pitani, ndipo mupite pa njinga yamoto yomweyo, chifukwa wokwera galimoto amangotsika ali kale kwina, pamene wa pa njinga amaona dziko, anthu ndi chilankhulo zikusintha pang'onopang'ono, mpaka amazindikira yekha kuti Mangochi ndi nyanja yamchere zinalumikizana kalekale.

Chithunzi choyamba tinajambulitsa pa nsanja ya koloko ija ya Mfumukazi Victoria, imene inamangidwa mu 1903, kumbuyo kwathu kukuoneka mlatho wa Bakili Muluzi umene unali ukadali watsopano. Tinasankha malowo chifukwa ndi pamene aliyense amajambulitsa, koma ndikachiyang'ana lero ndimaona kuti panalibe malo ena oyenera kuyambirapo. Angerezi anakhazikitsa Fort Johnston, limene ndi dzina lakale la Mangochi, mu 1891 ndi cholinga chotseka njira ya amalonda amene ankaoloka Shire ndi minyanga ya njovu komanso akapolo kulowera kugombe la kum'mawa, ndipo ife tinali kunyamuka kulowera komweko. Chithunzi chachiwiri ndi cha pamwamba pa chikweza chopita ku Namwera, pamene tinaima kuti injini zizizire. Pansi pakuoneka chigwa chonse, Shire akutsetserekera ku Malombe, ndipo alamu anga avala majekete awiri chifukwa unali mwezi wa June ndipo kuzizira kwa ku Namwera pa njinga kumalowa mpaka m'mafupa.

Pa Chiponde sindinajambule chilichonse, ndipo inunso musatulutse kamera kapena foni pa chipata cha m'malire. Chofunika pamenepo ndi pasipoti, laisensi yoyendetsera njinga yamoto, mapepala osonyeza kuti njingayo ndi yanu, chilolezo choilowetsera m'dziko la eni kwa kanthawi, ndi inshuwalansi imene tinagula tsidya linalo. Pakati pa Chiponde ndi Mandimba pali mtunda wa makilomita angapo, ndipo tinkapambana ndi anyamata a kabaza wa njinga zakapalasa atanyamula matumba a chimanga ndi shuga. Ku Mozambique amayendetsa kumanzere monga kwathu kuno, choncho pamenepa palibe chatsopano choti muphunzire.

Chithunzi chimene ndimachikonda kuposa zonse ndinachijambula pa kamudzi kena ka m'mbali mwa msewu wochokera ku Mandimba kupita ku Cuamba, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 umene nthawi imeneyo unali wa dothi lofiira. M'chithunzimo muli bambo wina wachikulire wovala kofia, mayi amene anatiphikira tiyi, ndi ana ambiri atazungulira njinga. Ndinawapatsa moni m'Chiyao ndipo anandiyankha m'Chiyao chomwecho cha ku Katuli ndi ku Namwera, kenaka bambo aja anatembenukira ku Chichewa chosalala n'kutifotokozera kuti anakhala zaka zingapo kwathu kuno pothawa nkhondo. Achinyamata ena m'gulu muno sadziwa kuti dziko lathu linasunga anthu othawa nkhondo a ku Mozambique okwana pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri a iwo anabwerera kwawo pambuyo pa mgwirizano wa mtendere umene unasainidwa ku Rome mu October 1992. Tinakhala pa mphasa pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene tinkafunira, akutifunsa za mitengo ya nsomba ku Mangochi ndi za mafumu amene ankawadziwa, ndipo pochoka anakana ndalama ya tiyi ponena kuti iwonso anadyetsedwa kwathu. Malire tinali titawadutsa kale ndipo mapasipoti athu anali atadindidwa, koma pa mphasa ija panalibe chilichonse chosonyeza kuti tili kunja kwa dziko. Bambo omwewo ndi amene anatichenjeza kuti tikafuna kudzithandiza tisalowe m'tchire losapondedwa, chifukwa mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo anali asanathe kuchotsedwa. Dziko la Mozambique linadzalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba onse amene ankadziwika.

Ku Cuamba ndili ndi chithunzi chimodzi chokha, cha sitima ya pamtunda itaima pa siteshoni m'mamawa, anthu akulowetsa katundu pa mawindo. Tauni imeneyi ndi mphambano ya njanji, pamene njanji yochokera ku doko la Nacala imagawikana, ina kulowera ku Lichinga, ina kulowera ku Entre Lagos n'kulowa m'Malawi pa Nayuchi. Apa ndi pamene tinayamba kusokonezeka ndi ndalama, chifukwa chaka cha 2006 boma lawo linali litachotsa maziro atatu pa ndalama yawo ya metical, koma ogulitsa m'misika ankatchulabe mitengo m'masauzande monga kale, moti tinkayenera kufunsa kawiri tisanapereke ndalama.

Kuchokera ku Cuamba kukafika ku Nampula, mtunda wa makilomita pafupifupi 350 kudzera ku Mutuáli, Malema ndi Ribáuè, ndi pamene ndinathera filimu yambiri. Titaoloka mtsinje wa Lúrio, umene umalekanitsa chigawo cha Niassa ndi cha Nampula, dziko linadzaza ndi mapiri a mwala umodzi, osalala, ongotumphuka okhaokha pakati pa chigwa, ena osongoka, ena obulungira, ndipo msewu unkazungulira m'munsi mwawo limodzi ndi njanji. Zithunzi za mapiriwa zinayamba kufiira ndi ukalamba, komabe munthu akaziona amafunsa kuti ndi kuti kumeneku. Chimene zithunzizo sizisonyeza ndi ntchito imene manja ndi msana zinkagwira. Msewu unali ndi mabampu ang'onoang'ono ondondozana amene amamasula nati iliyonse, ndipo m'malo otsika munali mchenga wakuya umene umafuna kuti ukhale chakumbuyo pa mpando, ugwire giya yotsika, usamange buleki yakutsogolo ndiponso usachepetse moto ngakhale chiwongolero chikugwedezeka. Madzulo aliwonse tisanafune pogona tinkamangitsa manati, kukoka tcheni ndi kuithira oyilo, kugogoda masipoko kuti timve ngati ena amasuka, ndi kutsuka sefa ya mpweya imene inkadzaza fumbi tsiku limodzi lokha. Pali chithunzi cha alamu anga atagwada pa mthunzi wa mtengo wa mango, tayala lakumbuyo lili pansi, akumata chigamba pa chubu, mnyamata wa m'mudzimo atawagwirira pampu. Petulo m'midzi ankagulitsa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo tinkathira kudzera pa kansalu koyera kuti zinyalala zisalowe m'thanki. Ngakhale lero msewuwu uli ndi phula, musanyamuke opanda chubu yapadera, zigamba, pampu, pulagi, masipanala ndi chingwe cha kilachi.

M'chigawo chomwechi ndi mmene chilankhulo changa chinathera. Chiyao chinayamba kusowa omva titangodutsa Cuamba, Chichewa chinatha kale, ndipo Chipwitikizi chathu chinali cha moni ndi manambala basi. Amene anatipulumutsa ndi alamu anga, amene kwawo ndi ku Phalombe ndipo analeredwa ndi agogo awo olankhula Chilomwe. Chilomwe ndi Chimakuwa cha ku Nampula ndi zilankhulo za pachibale, moti iwo ankatha kufunsa njira, madzi ndi malo ogona, ndipo azimayi ankaitanizana kudzamva mlendo wa ku Malawi akulankhula ngati agogo awo. Kunali kofunika kwa ine kuona ndi maso kuti pamene mtundu wanga unalekezera, wa alamu anga unayambira pomwepo, ndipo sitinakhalepo alendo otheratu mpaka kugombe.

Mzinda wa Nampula tinangoudutsa. Ndili ndi chithunzi cha tchalitchi chachikulu cha Katolika cha nsanja ziwiri ndi china cha mbale ya nsima ya chinangwa yofanana ndi kondowole, ndipo kuchokera pamenepo msewu wa phula wa makilomita pafupifupi 180 unatitenga kudzera ku Namialo ndi Monapo, mpweya ukunka nutentha ndipo mitengo ya kokonati ikuchuluka.

Mlatho wolowera pa chilumba ndi wautali makilomita oposa 3, unamangidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi wopapatiza moti magalimoto amapatukirana m'malo ochepa okonzedwera zimenezo. Pa njinga yamoto madzi umawaona mbali zonse ziwiri, mphepo ikukukankha, ndipo chilumba chimakula pang'onopang'ono patsogolo pako. Chilumbacho ndi chaching'ono, cha makilomita pafupifupi 3 m'litali, koma dziko lonse la Mozambique linatenga dzina kuchokera pamenepo, ndipo ndi pamene panali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Mpwitikizi woyendetsa zombo Vasco da Gama anafikapo mu 1498 n'kupeza amalonda achisilamu ali kale pamalonda awo. Kumapeto kwa chilumba kuli linga la São Sebastião limene anayamba kumanga mu 1558, limene Adatchi analephera kulilanda mu 1607 ndi mu 1608, ndipo kuseri kwake kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522. Bungwe la UNESCO linaika chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 1991. Mbali ina ili ndi nyumba zamiyala za atsamunda, zambiri zitagumuka ndipo mitengo itamera m'zipupa, pamene mbali ina, imene ndi yotsika chifukwa ndi mmene ankakumbamo miyala yomangira, muli nyumba zothithikana zofolera ndi masamba a kokonati, ndipo mmenemo ndi mmene anthu ambiri amakhala.

Chithunzi chimene chimandikhalitsa chete nthawi yaitali ndinachijambula ndili pamwamba pa khoma la lingalo, kamera italoza kumtunda, tsidya la madzi, kumene kuli Mossuril. Kumeneko ndi kumene amalonda achiyao a m'zaka za m'ma 1700 ankafikitsa minyanga ya njovu atayenda wapansi kuchokera m'madera a kufupi ndi nyanja yathu ino, n'kubwerera ndi nsalu ndi mikanda. Pambuyo pake katundu wina anadzakhala anthu, ndipo kuchokera pa chilumba chimenechi zombo zinkanyamula akapolo kupita ku zilumba zimene nthawi imeneyo zinali za Afalansa monga Réunion ndi Mauritius, ndiponso ku Brazil. Ine ndine Myao ndipo nkhani imeneyi sindiibisa, chifukwa ndi mbiri yathu, ya ogulitsa ndi ogulitsidwa omwe. Thupi langa linali litatopa ndi ulendo umene injini inandinyamula, ndipo ndili pakhoma paja ndinayesa kuganizira munthu amene anayenda mtunda wonga womwewo wapansi, goli lili m'khosi, osadziwa kumene akupita. Ndinaphunzira za malonda a akapolo kusukulu monga wina aliyense, koma kutalika kwa njirayo ndinakumva nditaiyenda, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ndikunenera kuti mupite pa njinga.

Pali zithunzi ziwiri zimene ndinajambula pa malo amodzi tsiku limodzi, china m'mawa madzi atafika pakhoma, china masana madzi ataphwa kutali, zombo za matanga zitagona chammbali pa mchenga ndipo azimayi odzola zoyera kumaso akutola nkhono. Kwa munthu wokulira pa nyanja ya Malawi, amene amadziwa madzi okwera ndi kutsika malinga ndi nyengo ya mvula, kuona nyanja ikuchoka ndi kubwerera kawiri pa tsiku kunali chinthu chodabwitsa kwambiri, ndipo asodzi a kumeneko amakonza ntchito yawo yonse motsatira zimenezo monga mmene athu amayang'anira mwezi ndi mwera.

Ndikaunjika zithunzi zonse pamodzi ndimaona kuti za ine nditaima pambali pa njinga sizindiuza kanthu lero. Zimene zimabwezeretsa ulendo ndi zimene muli anthu, msewu weniweni, chakudya ndi ntchito yokonza njinga. Foni yanu idzajambula zambiri kuposa filimu yanga, choncho muzipempha chilolezo musanajambule munthu, ndipo madzulo muzilemba dzina la malo alionse, chifukwa ine ndinalemba kuseri kwa zithunzi nditangozitsukitsa ndipo n'chifukwa chake ndikutha kukutchulirani malo molondola.

Pobwerera tinadzera ku Alto Molócuè ndi Mocuba, kenaka msewu wa fumbi wopita ku Milange, phiri la Mulanje likuonekera patali tisanafike n'komwe pa Muloza, ndipo kuchokera pamenepo tinadutsa m'minda ya tiyi mpaka ku Limbe, Zomba, Liwonde ndi kufika kwathu. Njira yozungulira imeneyi ndi yaitali kuposa kubwerera pa Chiponde, koma ndikuilimbikitsa. Nyamukani pakati pa May ndi August, mvula itatha, popeza gombe limenelo limakanthidwa ndi namondwe m'miyezi yoyambirira ya chaka, monga zinachitikira ndi namondwe wotchedwa Gombe mu March 2022. Musayende usiku ndipo musapite nokha. Mukafika ku Namialo musakopeke kupitirira kumpoto kulowera ku Cabo Delgado, kumene kwakhala kuli zigawenga kuyambira 2017, ndipo musananyamuke mufunse madalaivala a magalimoto akuluakulu amene amadutsa pa Chiponde za mmene njira ya ku Nampula ilili sabata imeneyo.