Mashopu atsopanowa akadzatsegulidwa, oyenda pansi adzadutsa pati?

Amayi ena a ku Salima anditumizira imelo. Akuti pafupi ndi kwawo, m'mbali mwa msewu waukulu, munthu wina akumanga nyumba yosanja ya mashopu ndi maofesi. Malata otchinga malowo afika mpaka pomwe anthu ankadutsa, moti ana awo popita kusukulu akuyenda m'phula. Akufunsa ngati vutoli lidzathe ntchito yomanga ikatha, komanso komwe angakadandaule.

Amayi, malatawo adzachoka. Ine chikundidetsa nkhawa ndi tsiku lomwe adzatsegule zitseko.

Salima ndi tauni ya njinga. Malo ake ndi athyathyathya, ndipo ambiri amafika pa shopu wapansi kapena pa kabaza. Koma wojambula pulani amawerenga magalimoto basi. Amalemba mizere yoimikapo magalimoto kutsogolo, nkumati wamaliza. Akabaza amatsata kasitomala, ndiye siteji idzabadwa pageti sabata yoyamba yomweyo. Kenako adzabwera achipisi, a Mpamba ndi Airtel Money ndi maambulera awo, masienta nawo nkumaima pomwepo kukweza anthu. Sindikuwanena, aliyense akusaka ya ndiwo. Kungoti onsewa amadzaza kamzere kamodzi komweko, ka pakati pa phula ndi ngalande, komwe ana anu amayendamo. Ngakhale malo oimikira magalimoto aja sakhalitsa. Mwini nyumba akaona kuti masana amakhala opanda kanthu, amaikapo makontena a lendi, makasitomala nkuyamba kuimika kumsewu.

Choopsa kwambiri ndi malole otsitsa katundu. Simenti, feteleza ndi zakumwa zimabwera pa lole, ndipo ngati kuseri kwa nyumbayo kulibe polowera, loleyo imaima m'mbali mwa msewu mpaka thumba lomaliza litatsika. Mwana akatulukira kumbuyo kwa lole saona chomwe chikubwera, dalaivala nayenso samuona. Kumbukirani kuti misewu yathuyi si ya a Salima okha. M5 imanyamula mabasi ndi mathiraki opita ku Nkhotakota, Dwangwa mpaka Mzuzu. M14 imatibweretsera a ku Lilongwe, ndipo Lachisanu madzulo ambiri a iwo mtima umakhala uli kale ku Senga Bay. Ndani mwa awa akuyembekezera kuti pali geti latsopano lomwe galimoto itulukire chafutambuyo?

Nthawi ya dzinja muonenso komwe madzi a padenga ndi pabwalo la simenti akupita. Akakwirira ngalande kuti magalimoto azilowa bwino osaika makalavati, m'mbali mwa msewu mumasanduka thamanda, anthu nkubwereranso m'phula.

Za kodandaula, yambirani kukhonsolo, ku ofesi yoona mapulani. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti chitukuko chotere chikhale ndi chilolezo chisanayambe. Nkhani ya malo a msewu ndi ya a Roads Authority: pa misewu ikuluikulu ya M, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu ndi a msewuwo. Mukati mutenge tepi nkuyamba kuyeza pa Kamuzu Road mudzadana ndi anthu ambiri, koma lamulo ndi limenelo.

Musapite nokha. Tengani anzanu oyandikana nawo, a komiti ya pasukulupo ndi akhansala a m'dera lanu, ndipo mulembe kalata, musunge kope lake. Mawu apakamwa amathera pakhonde la ofesi. Musakangoti nyumbayo ikutisokoneza, chifukwa adzakuyankhani kuti ndi chitukuko, ndipo sadzakhala akunama. Kafunseni zinthu zooneka ndi maso. Lole idzalowera pati, nanga idzatembenukira pati? Akabaza apatsidwa malo mkati mwa mpanda? Njira ya oyenda pansi idzakhala yokwera pang'ono kuti galimoto isaimikepo? Muitanenso wapampando wa akabaza a m'deralo, poti iwowa amadziwa kale pomwe anthu amagundidwa kawirikawiri.

Pakadali pano pemphani kuti malata aja asunthidwe kusiya kanjira, komanso mchenga ndi miyala zisatsitsidwe kumsewu. Zina zija kazifunseni mwezi uno, asanawake mpanda ndi kuthira simenti pabwalo, chifukwa geti akalimanga kale palibe mwini nyumba amene adzavomere kuligumula.