Za biathlon ya achinyamata yomwe mwana wanu anaona

Achimwene, mwafunsa kuti masewera amene mwana wanu anaona pa YouTube, anyamata akutsetsereka pa chipale chofewa mfuti ili kumsana, ndi otani, komanso ngati angawayese kuno ku Kasungu. Dzina lake ndi biathlon, ndipo amawayendetsa a IBU (International Biathlon Union), bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse. Pa mpikisano wa dziko lonse, osakwana zaka 19 amapikisana paokha, osakwana zaka 22 paokhanso.

Chovuta kwambiri ndi kuwombera. Munthu amafika pamalo owombera ali wefuwefu, mtima uli thithithi, ndiye alase zinthu zisanu zomwe zili pa mtunda wa mamita 50. Akagona chafufumimba, cholasacho chimakhala cha mamilimita 45 okha, kuchepa kuposa bokosi la machesi. Akaimirira ndi mamilimita 115. Akaphonya, m'mipikisano yambiri amakazungulira mamita 150 a chilango pa kuphonya kulikonse. Apa ndi pomwe akatswiri amagwa chagada.

Chipale chofewa kuno kulibe, ngakhale mu Juni kuzizire chotani. Mfuti iwalani kaye, pamafunika chilolezo. Ine ndikanati azithamanga kuzungulira bwalo la mpira kawiri, kenako ayese kugenda chitini ndi legeni asanapume. Aona yekha mmene manja amanjenjemerera.