Ma primer akale a malemu bambo anu

Achimwene, mwafunsa ngati ma primer a zipolopolo za shotgun (tizitsulo ta kumbuyo kwa chipolopolo timene timayatsa wonga) amene malemu bambo anu anasiya m'sutikesi ku Bangula, zaka pafupifupi 15 zapitazo, angagwirebe ntchito. Ena muno akuyankhani kuti anatha kalekale. Ine ndikuti zaka zokha sizipha primer. Musanawerenge zaka, fufuzani kumene sutikesiyo yakhala ikugona.

Ma primer ambiri opangidwa kuchokera cha m'ma 1950 ali ndi mankhwala otchedwa lead styphnate, omwe sawonongeka wamba. Akasungidwa pouma, posatentha kwambiri, m'timabokosi tawo ta kufakitale, amatha zaka 30 ngakhale 40 akuphulikabe bwinobwino. Amakedzana aja okhala ndi mankhwala otchedwa mercury fulminate ndiwo ankafooka okha ndi ukalamba.

Koma tikukhala kuti ife? Kuno kuchigwa, Okutobala ndi Novembala dzuwa limapyola madigiri 40 ku Ngabu ndi ku Nsanje, ndipo m'nyumba yamalata yopanda siling'i mumakhala ng'anjo yeniyeni. Mvula ikagwa, chinyezi chimalowa paliponse, mpaka nsapato za kutchalitchi kumera nkhungu. Kutentha masana, kuzizira mbandakucha, chaka ndi chaka, ndiko kumafooketsa mankhwala aja pang'onopang'ono. Ndiye pali madzi osefukira: a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, a namondwe Ana mu 2022, a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ngati madzi analowa m'nyumbamo ngakhale kamodzi nkufika pa sutikesi, ma primer amenewo aiwaleni. Musawayanike padzuwa poganiza kuti achira.

Tsegulani bokosi limodzi pamalo owala, kutali ndi moto ndi fodya. Katoni yofufuma kapena ya mizere ya matope, timadontho tobiriwira pachitsulo, fumbi loyera m'mphepete, banga la mafuta: chilichonse mwa izi chikukwanira kuti musawakhulupirirenso. Komanso kuwala kwa kunja si umboni, chifukwa chinyezi chimawononga mkati.

Chimene chimandidetsa nkhawa si primer wakufa ayi, koma wodwala. Wakufa amangoti khe, basi. Wodwala amatha kuchedwa kuphulika: mwakoka, kuli zii, inu mukutsegula mfuti kuti muone chavuta, pomwepo phuu kumaso. Nchifukwa chake odziwa mfuti amati ikakana, ilozetsenibe kopanda anthu, dikirani masekondi osachepera 30 musanaitsegule. Nthawi zina amayatsa wonga mwaulesi, zamkati nkutsakamira mumpope, chipolopolo chotsatira nkung'amba mfuti m'manja mwanu. Pamenepo dzanja kapena diso lapita chifukwa chodandaula ndalama ya kabokosi kamodzi.

Wina wakulangizani kuti muwakhuthulire onse m'botolo lagalasi nkutseka kuti asalowe chinyezi. Chonde musayerekeze. Timabokosi tija anatipanga ndi timipata kuti primer aliyense akhale payekha. Akaunjikana pamodzi, m'modzi akaphulika onse amatsatira nthawi imodzi, ndipo galasi kapena chitini chimasanduka zibenthu zolasa. Asiyeni momwe alili, pamwamba, pokhoma, pomwe ana sangafike. Mwana akaona tizitsulo tonyezimira chonchi amayamba kutitswa ndi mwala.

Nkhani ina ndi ya chiphaso. Laisensi ya mfuti inali m'dzina la bambo anu, ndipo siyenda ngati cholowa cha munda kapena ng'ombe. Kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso chanu ndi mlandu m'Malawi muno. Ngati vuto ndi mvuu kapena ng'ona kudimba, amene muyenera kuwauza ndi a nthambi ya nyama zakutchire. Za ma primerwo, pitani kupolisi ya kwanu chimanjamanja, mukafotokoze zomwe mwapeza, akuuzeni mmene angazitengere. Musawaponye pamoto, m'chimbudzi kapena mu Shire.