Foni yopanda kabowo ka mahedifoni: yankho kwa amayi a ku Lizulu

Amayi ena a ku Lizulu andilembera imelo kuti mwana wawo wawatumizira foni kuchokera ku Joni, koma ilibe polowetsa mahedifoni. Agula kaadaputa pamsika, sikakutulutsa mawu, ndiye akufunsa ngati foniyo yabwera yakufa.

Amayi, mtima m'malo, foniyo ili bwino. Adaipanga choncho.

Kabowo kozungulira kaja, ka mamilimita 3.5, kadafala ndi Walkman ya Sony, kachipangizo kam'manja komvera makaseti, ya mu 1979. Ubwino wake ndi woti kalibe mwini: mahedifoni a pa itel amalowanso pa wailesi ndi pa laputopu. Nokia ndi Sony Ericsson adayesapo timabowo tawotawo, Pop-Port ndi FastPort, moti nthambo ikaduka umayenera kupeza ya kampani yomweyo basi. Apple idachotsa kabowoka pa iPhone 7 mu 2016, kusiya kabowo kotchajira ka Lightning kamene ndi kakekake, ndipo Samsung idachita zomwezo pa Note 10 mu 2019.

Ngati yanuyo ili ndi kabowo kotchajira ka USB-C, vuto lagona mu kaadaputako. Timaadaputa tina ndi waya chabe, timadalira foni kutulutsa mawu okonzeka kale. Mafoni ambiri atsopano satero, amafuna kaadaputa kokhala ndi kachipangizo kotchedwa DAC, kamene kamasandutsa nyimbo za mufoni kukhala mawu omveka m'khutu. Kunja timafanana ngati mapasa. Tengani foni ndi mahedifoni anu, muyesere pomwepo wogulitsa akuona, musanapereke ndalama. Muonenso timizere pa pini ya mahedifoni: tiwiri ndi ongomvera, titatu ali ndi maikolofoni yoyankhulira.

Chimene chimandiwawa ine ndi wailesi. Pa mafoni ambiri okhala ndi FM, nthambo ya mahedifoni ndiyo imakoka siteshoni, ndipo munthu amamvera Zodiak kapena MBC ali kumunda wa kachewere, osawononga bandulo. Mafoni ambiri opanda kabowo alibenso FM. Mahedifoni a Bluetooth nawo amafuna kutchaja, nanga kumudzi kopanda magetsi mulipirenso kawiri potchajitsa? Opanga mafoniwa sadaganizire moyo wathu kuno.

Choncho kafoni kakale kaja musakagulitse, kasungeni kakhale ka wailesi. Ndipo mwanayo akadzafunsanso choti akutumizireni, muuzeni aone pansi kapena pamwamba pa foni ngati kabowo ka 3.5 kalipo.